A Namwino a M'chifunga

Uchizi anali mtsikana wa ku Chisenga. Anali mu Sitandade 2. Uchizi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna mwana wakhanda pakhomo pawo.

Anzake onse anali ndi ana obereka kumbuyo. Iye ankabereka chitsononkho. Chitsononkho sichilira. Chitsononkho sichiseka. Ha, kubadwa wekha kumawawa!

Koma tsopano amama ake anali oyembekezera.

"Amama, mwana abwera liti?" Uchizi ankafunsa.

"Mwezi wamawa," amama ankatero.

"Osati mawa?"

"Mwezi wamawa, iwe. Kasese panja."

Uchizi anali katswiri wa mayina. Kwawoko dzina limanena lokha mwini wake. Dzina loyamba ndi Si ndi la mwamuna. Dzina loyamba ndi Na ndi la mkazi. Adada ake anali a Silungwe. Mlongo wawo anali a Nalungwe. Amama ake anali a Namwinga. Mlongo wawo anali a Simwinga.

Si, mwamuna. Na, mkazi. Ngakhale nkhuku za pakhomopo zinkadziwa zimenezi.

Nanga a Namwino a kuchipatala? Aa, imeneyo ndiye yosavuta. Na, mkazi! Uchizi ankawadziwa bwino. Anali mayi wamfupi, wokonda kuseka. Tsiku lina anamubaya jakisoni, kenako anamupatsa nthochi. Uchizi ankayesa kuti Namwino ndi dzina lawo. Palibe amene anamuuza zina.

Tsiku lina Uchizi anapita kumjigo. Anapezako Chrissy, mnzake wa mu Sitandade 5. Chrissy anali ndi pakamwa posakhalitsa nkhani.

"Iwe, wamva?" Chrissy ananong'ona.

"Ndamva chiyani?"

"A Namwino aja anasowa."

"Anasowa bwanji?"

"Anangosowa. M'nyumba mwawo muli chinthu china. Ndinachiona ndi maso angawa."

Uchizi anasiya kupopa madzi.

"Chinthucho n'choyera mbee," Chrissy anatero. "N'chachitali. Chilibe pakamwa. Chilibe mphuno. Manja ake ndi obiriwira. M'khosi mwake muli njoka yakuda."

"Bodza!"

"Zoona. Ukaitana kuti a Namwino, chimayankha. Koma chimayankha ndi mawu aamuna."

Uchizi anachita tsemwe thupi lonse. Dzina la mkazi, mawu aamuna? Zimenezo si za munthu ayi. Anasenza ndowa yake yosadzaza. Anafika kunyumba osacheuka.

Mwezi wamawa usanafike, kunagwa chifunga.

Chifunga chinatsika kuchokera kumapiri a Mafinga. Chinameza mitengo. Chinameza khola la mbuzi. Chinameza nyumba za anthu. Dzuwa linakana kutuluka. Kunkazizira mpaka m'mano.

Tsiku limenelo linali Loweruka. Adada anali atapita ku Chitipa kukagulitsa nyemba. Akuluakulu onse a m'mudzi anali kumaliro ku Wenya. M'mudzi munali zii. Ngakhale tambala sanalire.

M'nyumba munali anthu atatu. Munali amama. Munali Uchizi. Munalinso a Nalungwe, mlongo wa adada uja. Uchizi ankawaitana kuti ankhazi. Iwo anachokera ku Nthalire kudzathandiza ntchito za pakhomo.

Mmawa womwewo amama anagwira chitseko. Anawerama. Anabuula.

"Alamu," amama anatero, "mwana akubwera."

"Lero?" ankhazi anafunsa. "Yayi! Nthawi sinakwane!"

"Akubwera lero."

Amama anayesa kuyenda. Miyendo inakana. Anagona pamphasa. Thukuta linali kamukamu, kunja kukuzizira chonchija.

Ankhazi anatenga foni. Foni inali itatha moto. Sola sinaone dzuwa, ikanatchaja bwanji?

Ankhazi anayang'ana amama. Kenako anayang'ana Uchizi.

"Uchizi, ine sindingawasiye okha amako. Njira ya kuchipatala ukuidziwa?"

"Ndikuidziwa."

"Thamanga. Kaitane a namwino. Ukawauze kuti mwana akubwera nthawi isanakwane. Luwiro, luwiro!"

Uchizi anaima njo! Anafuna kunena za chinthu choyera. Anafuna kunena za njoka yakuda. Koma amama anabuulanso. Kubuula kwake kunali kwachilendo. Uchizi anali asanakumvepo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Uchizi anatsekula chitseko. Analowa m'chifunga.

Chifunga kutsogolo. Chifunga kumbuyo. Chifunga kumanja. Chifunga kumanzere.

Uchizi anacheuka. Nyumba yawo kunalibe. Chifunga chinali chitaimeza kale. Ankangoona mapazi ake ndi kanjira kofiira.

Anathamanga pakati pa mapesi ouma. Mapesi ankamukhudza m'mapewa. Tswa, tswa, tswa. Ankakhala ngati akunong'onezana.

Kenako anamva kulira kwa chitsulo.

Ngo. Ngo. Ngo.

Uchizi anaima. Kulirako kunaimanso.

Uchizi anayenda. Kulirako kunayambanso.

Ngo. Ngo. Ngo.

Chinthu chachikulu chinatulukira m'chifunga. Chinali ndi nyanga. Chinali ndi mpweya wotentha. Chinati, "Mooo!"

Ogo! Inali ng'ombe ya a Simfukwe, belu lili m'khosi.

"Choka apa, iwe!" Uchizi anaikalipira. Ng'ombe inangomuyang'ana, ikutafuna.

Chifunga kutsogolo. Chifunga kumbuyo.

Njira inadutsa pafupi ndi manda. Mitengo ya kumanda ndi yaitali. Palibe amene amaidula. Madzi ankadontha m'masamba ake. Tho. Tho. Tho.

Manda salozedwa ndi chala. Mwana aliyense amadziwa zimenezi. Uchizi anafumbata zala zake zonse. Anaika manja m'khwapa. Anaopa kuti chala china chingaloze chokha.

Tho. Tho. Tho.

Sanayang'ane kumbali. Anadutsa monyang'ama. Atapitirira, anathamanganso.

Kenako anafika pamtsinje. Ulalo wake unali mtengo umodzi. Mtengowo unali wonyowa. Tsidya lina silinkaoneka. Ulalo unkangothera m'chifunga.

Koma ulalo Uchizi sankauopa. Ankawoloka pamenepo popita kusukulu. Anatambasula manja. Phazi, phazi, phazi. Anawoloka.

Chipatala chinali paphiri laling'ono. Chinali chaching'ono, cha malata. Masiku ena pamakhala amayi ambiri. Pamakhala ana olira. Pamakhala ogulitsa zitumbuwa.

Tsiku limeneli panalibe munthu.

Mabenchi anali okha. Pamtengo panali sikelo yoyezera ana. Kakabudula ka sikelo kankalendewera. Kankapita uku. Kankapita uko. Munalibe mwana. Kunalibe mphepo. Nanga ankakagwedeza ndani?

Uchizi anayandikira chitseko.

"Odi!" anaitana.

Zii.

"Odi! A Namwino!"

Zii.

Kenako m'kati munamveka mapazi. Go. Go. Go. Anali mapazi olemera. A Namwino aja sankayenda choncho.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Kweee.

Chinthu chinaima pakhomo.

Chinali choyera mbee. Chinali chachitali. Chinalibe pakamwa. Chinalibe mphuno. Manja ake anali obiriwira. M'khosi mwake munali njoka yakuda.

"Odini," chinthucho chinatero. "Ndani akuitana namwino?"

Mawu aamuna!

Mayo ine! Chrissy sananame! Uchizi analiyatsa liwiro. Anakabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Anadzipinda ngati bongololo. Mtima unkagunda di, di, di.

"Monire, mwana!" mawu aja anaitana m'chifunga. "Uli kuti?"

Go. Go. Go. Mapazi anapita kumabenchi.

Go. Go. Go. Mapazi anapita kumtengo wa sikelo.

Uchizi anatseka pakamwa ndi manja. Anali ndi mantha aakulu zedi. Miyendo inkati, "Tiye kunyumba." Manja ankati, "Tiye kunyumba." Thupi lonse linkati, "Tiye kunyumba."

Koma kunyumba kunali chiyani? Kunali amama pamphasa. Kunali mwana wofulumira kubwera. Akabwerera yekha, adzawauza chiyani ankhazi? Akabwerera yekha, adzawathandiza ndani amama?

Misozi inatsika. Uchizi anaipukuta ndi diresi. Anaimirira. Anatuluka kuseri kwa thanki. Anatsinzina kwambiri. Kenako anakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Mwawaika kuti a Namwino? Abwezeni! Amama akudwala! Abwezeni msanga!"

Zii.

Uchizi anadikira kuti njoka imulume. Njoka sinamulume.

Anatsekula diso limodzi.

Chinthu chija chinali chitagwada pansi. Tsopano sichinali chachitali. Chinakweza dzanja. Chinakoka kachingwe kukhutu.

Abale! Inali masiki chabe! Masiki ya kuchipatala! Pakamwa panalipo. Mphuno inalipo. Tindevu tinalipo.

Chinavula manja obiriwira aja. Anali magolovesi. M'kati mwake munali manja a munthu, zala zisanu uku, zala zisanu uku.

"Ndimasakaniza mankhwala otsukira zipangizo," munthuyo anatero. "Amanunkha kwambiri. Pepa, ndakuopseza. Amayi ako atani?"

"Ndiuza a Namwino okha," Uchizi anatero.

"Namwino ndine."

"Bodza!"

"Zoona."

"Bodza! Na ndi mkazi. Si ndi mwamuna. Inu si a Namwino. Inu ndinu a Simwino!"

Munthuyo anatsekula pakamwa. Anatsekanso. Kenako anaseka pang'ono.

"Eya, tsopano ndamva," anatero. "N'chifukwa chake ana amandithawa! Tamvera, mwanawe. Dzina langa ndine Cuthbert. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndabwera mwezi uno. Namwino si dzina. Namwino ndi ntchito."

"Ntchito?"

"Ntchito. Ngati mlimi. Ngati mphunzitsi. Mkazi amaigwira. Mwamuna amaigwiranso."

"Nanga a Namwino aja ali kuti?"

"Anawasamutsira ku Karonga. Ali bwino. Akudya mpunga kumeneko."

Uchizi anayang'anabe m'khosi mwawo.

"Nanga njokayo?"

A Cuthbert anaichotsa m'khosi. Anaika mbali ziwiri m'makutu mwa Uchizi. Mbali inayo anaiika pachifuwa pawo.

Du, du. Du, du. Du, du.

Uchizi anatong'ola maso. Unali mtima! Mtima wa munthu! Chiwanda chili ndi mtima ngati?

Pamenepo mawu anatuluka onse nthawi imodzi.

"Amama akubuula. Sakuyenda. Mwana akubwera. Nthawi sinakwane. Adada kulibe. Foni yatha moto."

A Cuthbert sanasekenso. Anaimirira msanga. Analowa m'chipatala. Anatuluka ndi chikwama chachikulu. Anagogoda pazenera la nyumba ya adokotala, kuseri kwa chipatala, kuwauza kumene akupita. Anaimba foni kuitana ambulansi.

"Msewu ndi woipa," anatero. "Galimoto ichedwa. Ife titsogole. Koma ine ndine mlendo. M'chifunga muno sindiona kanthu. Unditsogolera?"

"Ndikutsogolerani."

Uchizi patsogolo. A Cuthbert pambuyo. Anathamanga.

Anafika pamtsinje. Uchizi anatambasula manja. Phazi, phazi, phazi. Anawoloka. Anacheuka.

A Cuthbert anali chiimire tsidya lija.

"Ulalo wake ndi umenewu?" anafunsa.

"Ndi umenewu."

"Wina kulibe?"

"Kulibe."

"Mayo ine," a Cuthbert anatero.

Anamanga chikwama kumsana. Anagwada. Anakumbatira mtengo. Anayamba kukwawa ngati mwana. Munthu wamkulu, wandevu, kukwawa paulalo! Yunifolomu yawo yoyera inada ndi ndere.

"Musayang'ane madzi," Uchizi anatero. "Yang'anani ine."

"Ndikuyang'ana iwe."

"Bwerani. Bwerani. Mwatsala pang'ono."

A Cuthbert anafika. Anapumira m'mwamba. Uchizi anawagwira dzanja. Dzanjalo linali lofunda. Mantha onse a Uchizi anathera pomwepo.

Anadutsa pamanda. Tho. Tho. Tho.

"Musaloze," Uchizi ananong'ona.

"Sindiloza," a Cuthbert ananong'ona.

Anadutsa m'mapesi. Tswa, tswa, tswa. Kenako nyumba inatulukira m'chifunga.

"Ankhazi! Ndabwera nawo!"

Ankhazi anatsekula chitseko msanga. Anayang'ana Uchizi. Anayang'ana a Cuthbert. Anayang'ana kumbuyo kwa a Cuthbert. Kunalibe wina.

"A namwino ali kuti?"

"Ndi awa."

"Chiuta wane!" ankhazi anafuula. "Ndinakutuma namwino. Iwe wanditengera mwamuna!"

"Monire, amama," a Cuthbert anatero, akuwomba m'manja mwaulemu. "Ndine namwino. Ndinenso mzamba. Ndinaphunzira ntchito yothandiza amayi pochira."

"Yayi!" ankhazi anatero. Anatambasula manja pakhomo. "Muno ndi m'chikuta. Mwamuna salowa m'chikuta. Ngakhale mwini nyumba salowa. Anthu adzati chiyani?"

"Inu mukhala pambali panga," a Cuthbert anatero. "Simuchoka. Manja anu ndikuwafuna."

"Yayi! Chibadwire sindinaonepo."

M'nyumba amama anabuula. Tsopano ankabuula motsitsa. Mawu awo ankachepa.

A Cuthbert anaima pomwepo. Sanakankhe chitseko. Nyumba ya eni sulowa mokakamiza. Koma nkhope yawo inali ndi nkhawa.

Uchizi anayang'ana ankhazi. Ankhazi sanasunthe. Koma maso awo anali ndi misozi. Nawonso anali ndi mantha. Uchizi anawadziwa mantha amenewo. Anali atangochoka nawo kuseri kwa thanki.

Kodi wathamanga pachabe? Wadutsa pamanda pachabe? Ayi, zimenezo ndiye ayi!

Uchizi anazungulira nyumba. Anafika pazenera la kuchipinda. Anakwera pamtondo. Anaika pakamwa pakampata.

"Amama!"

"Uchizi... wabwera?"

"Ndabwera nawo a namwino. Koma ndi aamuna. Ali ndi mtima, ndaumva ndekha. Akwawa paulalo chifukwa cha inu. Alowe?"

Zii.

Kenako mawu a amama anamveka. Anali aang'ono, koma anamveka mpaka pakhomo.

"Alamu... akumva ululu ndine. Atsekulireni."

Ankhazi anayang'ana pansi. Manja awo anatsika pang'onopang'ono. Anapatuka.

"Lowani," anatero. "Koma ine sindichoka."

"Yewo chomene," a Cuthbert anatero. Anavula nsapato. Analowa.

Asanatseke chitseko, anacheuka.

"Uchizi, sonkha moto kukhitchini. Tenga zitenje zouma. Uzifunditse pamoto. Mwana wofulumira amaopa kuzizira."

Uchizi anasonkha moto. Anatambasula chitenje pafupi ndi moto. Anafunditsa mbali iyi. Anafunditsa mbali iyo. Anatenga china. Anatenganso china.

Ankhazi anatuluka. Anatenga madzi otentha. Analowa.

Ankhazi anatulukanso. Anatenga zitenje. Analowa.

Uchizi anakhala pakhonde. Anatsamira khoma. Chifunga chinafika mpaka pamapazi ake. Ankamva mawu a m'nyumba.

"Mukuchita bwino, mayi. Limbikani."

"Limbikani, alamu!"

"Kachiwirinso. Limbikani."

Amama anakuwa kamodzi, mokweza.

Kenako zii.

Uchizi anadikira. Mwana akabadwa amalira. Mbuzi ikabadwa imalira. Aliyense amadziwa zimenezi.

Zii.

Panalibe kulira. Panalibe kulankhula. Madzi okha ankadontha padenga. Tho. Tho. Tho.

Uchizi anagwidwa ndi mantha. Mantha awa anali oposa a kumanda. Anali oposa a kuseri kwa thanki. Anakanikiza khutu pakhoma.

Anamva ankhazi akusisima. "Chiuta wane, sakupuma."

Anamva a Cuthbert. Mawu awo anali odekha.

"Ndipatseni chitenje chofunda. Gwirani apa. Eya, choncho. Ndikumupukuta kumsana."

Zii.

"Tsekulani chikwamacho. Ndipatseni kampira kopopera mpweya. Kameneko."

Fu. Fu. Fu.

"Puma, mwana. Puma."

Fu. Fu. Fu.

"Puma, mwana."

Uchizi nayenso ananong'ona pakhoma. "Puma, mwana. Ndakudikira kalekale. Puma."

Fu. Fu. Fu.

Kenako kunamveka kamawu. Kanali kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka.

"Nye."

Uchizi anasiya kupuma.

"Nyee. Ng'aa! Ng'aaa! Ng'aaa!"

Ha! Kulira kokoma ngati kumeneko kulibe! Ankhazi analulutira m'nyumba. Mbuzi zinadzidzimuka m'khola. Tambala analira masana. Uchizi analumpha. Anaseka. Analira. Anasekanso.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Ankhazi anatuluka. Duku lawo linali litapendekeka.

"Amako achira," anatero. "Ndi mtsikana. Lowa, koma usachite phokoso."

Amama anali pamphasa. Anali otopa. Koma anamwetulira. Pachifuwa pawo panali kamunthu. Kanali kakang'ono zedi. Kamutu kake kanali ngati lalanje.

A Cuthbert anali pakona, akulongedza chikwama. Yunifolomu yawo inali ndi ndere, matope ndi mwaye.

Ankhazi anatenga beseni ndi sopo. Anagwada pamaso pawo. Anawathirira madzi m'manja.

"Yewo, adada," anatero motsitsa. "Pakamwa panga panatsogola."

"Manja anu ndiwo anagwira mwana," a Cuthbert anatero. "Ndekha sindikanatha."

Ambulansi inafika masana. Inali ndi matope mpaka m'magalasi. Onse anakwera kupita kuchipatala. Anadutsa msewu wautali wozungulira mtsinje. A Cuthbert anakondwa kwambiri kuti sawolokanso paulalo.

Adada anafika kuchipatala madzulo. Anafika wefuwefu, chipewa chili m'manja. Anaona amama. Anaona mwana. Anakhala pansi.

"Bambo, mwabwera bwino," a Cuthbert anatero. "Mwanayu ndi wamng'ono. Sayenera kuzizidwa ngakhale pang'ono. Azikhala pachifuwa pa munthu, khungu ndi khungu. Mayi atopa. Ayenera kugona. Tsopano ndi nthawi yanu."

"Ine?" adada anafunsa.

"Inu."

"Kubereka mwana? Ndi chitenje? Ine mwamuna?"

Adada anayang'ana mlongo wawo. Ankayesa kuti ankhazi awathandiza kukana.

Ankhazi anagwira m'chiuno.

"Iwe Laston, vula shati," anatero. "Usatichedwetse."

Adada anavula shati. A Cuthbert ananyamula mwana mosamala. Anamugoneka pachifuwa pa adada. Ankhazi anamanga chitenje cha maluwa ofiira. Anamanga zolimba.

Adada anauma gwa ngati chitsa. Sanatembenuze khosi. Sanagwedeze phewa.

"Kodi ndipume?" anafunsa.

"Pumani, bambo," a Cuthbert anatero, akuseka.

Adada anapuma pang'onopang'ono. Mwana anakwera. Mwana anatsika. Mwana anakwera. Mwana anatsika. Kenako anayasamula, n'kugona.

Amama nawonso anali atagona. Ankapuma bwino.

Uchizi anakwera pabenchi. Anakhala pafupi ndi adada. Anasuzumira m'chitenje. Mng'ono wake anali momwemo, wofunda, wamoyo.

"Uchizi," adada ananong'ona.

"Adada?"

"Mphuno yanga ikuyabwa. Ndikuopa kusuntha."

Uchizi anakweza dzanja. Anawakanda adada pamphuno.

"Apa?"

"Pamwamba pang'ono. Eya, pomwepo."

Dzanja la Uchizi linanyowa. Anayang'ana. Adada ankalira, koma ankamwetulira.

Uchizi anawapukuta misozi, kuti isagwere mwana.